Mwini Chigayo Amene Anasuta Maresibu Ake

Tsiku limene a Felizardo Ngwenya anaonana koyamba ndi Dulce, anamuyang'ana pamutu n'kupeza palibe mtanga. Kwa iwo, mkazi wofika pachigayo wopanda chimanga anali wosochera kapena wodzapempha gaga.

"Mwanawe, ukufuna kwa yani?"

"Kwa inu nomwe, bambo. Ndine kontabilisita, ndimalongosola za ndalama ndi misonkho. Andiitana ndi amayi."

A Felizardo anacheukira akazi awo, a Genoveva, amene anali kupeta mphale ngati makutu anawasiya kudimba.

Apa n'kuti madzi atafika m'khosi. Chigayocho, chimene chinali m'mbali mwa msewu wochoka pa Tsangano kulowera ku Ntengo-Wambalame, anachigula atagulitsa ng'ombe za malemu atate awo. Anali munthu wa manja ofewa, moti amasiye ankagayitsa ulere, koma anali ndi nthenda ya kumtundu: mwana wa Ngwenya savomera kuchepa pamaso pa mwamuna mnzake. Ndiye tsiku lina kunabwera mkulu wa zamsonkho kudzafunsa mmene malonda akuyendera. Tsoka ilo, pakhonde panali patakhala a Atanásio, eni chigayo cha kutsidya kwa dambo.

"Zikuyenda pang'onopang'ono, eti?" anafunsa mlendoyo.

"Pang'onopang'ono? Pano injini siizizira! Anthu amachokera ku Chidzolomondo, kulambalala zigayo zina zotsokomola ngati nkhalamba, kudzagona pamzere pano!"

Ankanena akuponyera diso a Atanásio, osaona kuti dzanja la mlendo likuthamanga papepala. Posakhalitsa kunafika uthenga: msonkho wake wonga wa munthu wa zigayo zitatu, ndipo akalephera, chitseko chitsekedwa. Ng'ombe za atate zikanathera m'kamwa mwa mwana.

Dulce anakhala pathumba la chimanga, nakutumula ufa pasiketi.

"Musadandaule, bambo. Tikawaonetsa zimene chigayo chimadya, aona okha kuti chotsala n'chochepa. Ndipatseni maresibu, mapepala aja amakupatsani pogula: a mafuta, a malamba, a sefa, onse."

A Felizardo anayang'ana kudenga. A Genoveva anaika lichero pansi, phwete kuseka.

"Funsa chifuwa chawo, mwanangu. Ali momwemo."

Zinali zoona. Alamu awo a ku Macanga ankawatumizira chingambwe, ndipo pepala lopichirira fodya linali losowa. A Felizardo anatulukira kuti resibu ya kogula mafuta ndi yopyapyala, imayaka mofatsa, siikanda pakhosi. Zaka zonsezo umboni wawo unkatulukira m'mphuno.

"Onse, bambo?"

"A kwa wogulitsa malamba ndinasiyako. Amawawa inki."

Mtsikanayo sanaseke. Anakwera chapa, minibasi ya kumeneko, kupita kwa ogulitsa mafuta kukapempha kuti amulemberenso maresibuwo, nazungulira kwa amakanika onse amene anagwirapo injiniyo. Pakhoma anakhomapo waya wosongoka, nati pepala lililonse lizibayidwa pamenepo, ndipo wolichotsa adzayankha kwa amayi. Kenaka anakhudza pachilonda. Chitini chimodzi ndicho chinkagula mafuta, mchere, chopereka cha kutchalitchi ndi nsalu ya pamaliro. Dulce anati chigayo chikhale ndi thumba lake, nyumba lake, ndipo a Felizardo azilandira malipiro pakutha pa mwezi.

"Ine? Malipiro pachigayo changa? Ndasanduka waganyu wa yani?"

"Wa chigayo, bambo. Ndi bwana wabwino, akadya amakumbuka antchito."

Tsiku lokaonekera ku ofesi ya zamsonkho, Dulce anawapatsa ntchito imodzi yokha, yokhala chete. Sipanakhalepo ntchito yolemetsa chotero pamoyo wawo. Anakhala pabenchi, jekete la ukwati lili pathupi, akumva mwana wa dzulodzulo akuuza boma kuti nthawi ya dzinja chigayo chimagona chifukwa nkhokwe za anthu zimakhala zitapepuka ndipo msewu ndi matope okhaokha. Kuti a ku Chidzolomondo sanapondepo. Kuti injini ndi yokalamba, imamwa mafuta ngati chidakwa.

"Yokalamba ndani?" a Felizardo anayamba kunyamuka. Chidendene cha a Genoveva chinatera pachala chawo chachikulu, nabwerera pabenchi.

Mkulu uja anawayang'ana. "Bambo Ngwenya, zimene akunenazi n'zoona? Paja munati injini siizizira."

Thukuta linatsika m'khosi mwa jekete. A Felizardo anaona chitseko cha chigayo chili ndi loko, anaonanso nkhope ya a Atanásio akamva kuti Ngwenya wavomera kuchepa.

"Imazizira, bwana," anatero motsitsa. "Nthawi zina mumagona nkhuku."

Anawalemba m'gulu la amalonda ang'onoang'ono, msonkho unatsika kufika poti munthu n'kuusenza, ndipo chitseko sichinatsekedwe. Pobwerera, atafika pamlatho, a Felizardo anati, "Mwana uyu wandivula pamaso pa boma." A Genoveva anayankha kuti wovulidwa ali ndi chigayo aposa wovala jekete ali pakhonde la mwini.

Kuyambira pamenepo Dulce ankabwera mwezi ndi mwezi. Pomulipira a Felizardo ankang'ung'udza kuti sanaonepo munthu wodya popanda kuyera ndi ufa, koma misonkho inkapita pa nthawi yake, tulo tinabwerera, ndipo patapita zaka thumba la chigayo linabala injini yatsopano. A Atanásio nawo anayamba kufunsa mwakachetechete kuti mtsikana uja amapezeka kuti.

Miyendo itayamba kukana, a Felizardo anaitanitsa abale kuti apereke chigayo m'manja mwa mwana wawo Marta. Anaphetsa tambala. Dulce, amene tsopano anali mayi wa ana ake, anakhala kumkeka pamodzi ndi akazi anzake, koma nkhalambayo inamukodola ndi ndodo kuti akhale pampando pambali pawo. Inapisa m'mbale, n'kutola nthutumba, chiwalo cha mwini mudzi, n'kuika m'mbale mwake.

Mphwawo wina anadandaula. "Achimwene, nanga mlendo ndiye adye nthutumba ife tili pompano?"

"Mlendo ndiwe, umabwera kukaphedwa nkhuku," anatero a Felizardo. "Uyu amadziwa pamene ndinang'ambikira, ndipo sanauzepo munthu koma boma lokha. Idya, mwanawe, isanazizire."

Dulce anadya, misozi ili m'maso, ndipo kuseri kwa nyumba Marta analiza injini chifukwa panali patafika kale amayi awiri ndi mitanga yawo.