Nthungululu za Amake Bakhum

Kwathu kuno, tsidya la kum'mawa kwa mtsinje, ukwati ukachitika osamveka mawu a Amake Bakhum, anthu ankafunsana ngati akwatiwo athawitsana. Ine ndimangomutchula Sanyura, chifukwa tinakulira limodzi ndipo makomo athu ndi oyang'anana. Ndine Wadiya, ndimasoka zovala za ubatizo.

Sanyura sanapondeko kusukulu. Ntchito yake inali kuweta nkhunda padenga ndi kuphika buledi. Koma pakhosi pokha Mulungu anamuninkha mosaumira. Akaika dzanja pamwamba pa mlomo n'kuyamba nthungululu, nkhunda zake zomwe zinkabalalika. Ngakhale anansi athu achisilamu ankamuitana mwana wawo akakhoza mayeso.

Mwamuna wake anamwalira kalekale, n'kumusiyira mwana mmodzi, Bakhum. Monga anyamata onse a kuno, Bakhum ankadula miyala yoyera kuphiri, ndipo madzulo ankabwera ali mbuu ngati wagubuduzika mu ufa.

"Amayi, tayimbani nthungululu, mkwati wafika atavala kale zoyera!" ankatero ali pakhomo.

"Choka apa, mzukwa iwe, kasambe!"

Anakwatiradi, anatenga mtsikana wofatsa dzina lake Nargis. Nargis ali woyembekezera, mpeni wa makina odulira miyala unathothoka kuphiri kuja. Mtembo wa Bakhum anabwera nawo pagalimoto yonyamula miyala, ataufunditsa bulangete. Za tsiku limenelo sindinena zambiri, mtima umandiwawabe.

Nyumba ya maliro imavala zakuda chaka chathunthu. Simuphikidwa makeke a Pasaka, simulira wailesi, simumveka nthungululu, ndipo anansi nawonso amadziletsa polemekeza ofedwa. Woyang'anira zonsezi anali Fayiqa, mlongo wake wa malemu mwamuna wa Sanyura. Mayi ameneyu akanakhala wapolisi, bwenzi m'dziko muno mulibe munthu woseka.

Mwana wa Bakhum anabadwira m'kati mwa chete ameneyu. Mwana wamwamuna akabadwa, mudzi umamva ndi nthungululu, koma uyu mzamba anachita kunong'oneza. Posakhalitsa akazi kumpope anayamba zawo zija.

"Kamwana aka kadya bambo ake mano asanamere n'komwe."

Anamutcha Mwana wa Maliro. Ine ndinapsa mtima koopsa, chifukwa dzina lotere likakumatira silichoka. Alipo mkulu wina kuno, imvi zili mbuu, amene mpaka lero anthu safuna kukumana naye m'mawa popita kumunda, chifukwa cha mawu amene ananenedwa iye ali khanda. Ndinadziwa kuti mwanayu akalowanso m'tchalitchi mwakachetechete pa ubatizo wake, ndiye kuti basi, adzakula anthu akumulambalala.

Nargis anabwera kwa ine akuyang'ana pansi. "Mayi Wadiya, azakhali a Fayiqa akuti musoke kamkanjo koyera kokha. Kachisoti ndi lamba wofiira ayi, akuti n'zachisangalalo."

"Azakhali akowo ali ndi singano yawo?" ndinamufunsa. Ndinasoka zonse, kachisoti komwe, kenako ndinawoloka msewu.

Sanyura ndinamupeza padenga, chakudya cha nkhunda chili m'manja koma osamwaza.

"Iwe, mdzukulu wako akubatizidwa Lamlungu. Ukaimba kapena ayi?"

"Mawu anapita ndi Bakhum, Wadiya. Ndikatsegula pakamwa pamangotuluka fumbi."

"Nanga iweyo wamutaya Mulungu?"

"Ndimutaye ndipite kwa yani? Tili limodzi m'nyumba muno, koma sitikuyankhulana. Ngati mmene tinkachitira ndi bambo ake a Bakhum tikayambana: tiyi ndinkawapatsa ndithu, koma osawayang'ana."

Ndinaseka, kenako ndinalira, kenako ndinamutukwana pang'ono, koma sanandilonjeze kanthu.

Lamlungu m'mawa tinadzazana m'kachipinda kobatizira. Wansembe wathu, Abuna Sawiris, anapinda manja a mkanjo n'kunyamula khanda lili lamaliseche. Nargis ataona kuzama kwa madziwo anagwira mpweya. Abuna anamuuza zomwe amauza mayi aliyense, mwina asakuganizira n'komwe.

"Usaope, mwana wanga. Tikumuika m'manda pamodzi ndi Khristu, atuluka pompano."

Anamumiza yense mpaka mutu, katatu. Potuluka kachitatu kamnyamatako kanakuwa ngati kakuitana munthu tsidya lina. Anakatcha Bakhum.

Misa itatha inafika nthawi yozungulira naye m'tchalitchi, atamumanga lamba wofiira uja. Apa ndi pamene akazi amang'amba denga ndi nthungululu. Madikoni anatsogola ndi zinganga zawo, akuimba motsitsa ngati akuopa kudzutsa wodwala. Nargis ankatsatira ataweramitsa mutu ngati wagwidwa ndi nkhuku yakuba. Mbali ya akazi inali zii, aliyense akuba diso kuyang'ana Fayiqa.

Ndinamva kutsinidwa pamkono. Anali Sanyura.

"Wamva zimene ananena Abuna zija?"

"Amanena zomwezo chaka ndi chaka."

"Bakhum wanga anamumiza m'madzi omwe aja. Anamuika m'manda ine ndikuona, n'kumutulutsa. Ndinaimba mpaka mawu kusasa."

"Ndinalipo. Unandigonthetsa khutu ili."

"Ndiye amene anamutulutsa m'manda oyamba aja, achiwiriwa amukanika?"

Sanadikire yankho langa, anaimirira. Fayiqa anamukoka chovala.

"Mlamu, khalani pansi! Dothi la pamanda a mwana wanu silinaume. Anthu ati chiyani?"

"Mwana watuluka m'manda ife tili duu. Nanga Mulungu ati chiyani?"

Anaika dzanja pamlomo. Koyamba kunatuluka kamawu kosasa, ngati katambala kophunzira kulira, moti dikoni wina analuma mlomo kuti asaseke. Sanyura anameza malovu, anakoka mpweya, n'kuyambiranso. Abale inu! Mawu aja anabwerera onse, anakwera mpaka kudenga, misozi ili chuchuchu kutsikira m'chovala chakuda. Sanasiye kulira kuti aimbe, ankachita zonse pamodzi.

Ine ndinalandira, ngakhale nthungululu zanga n'zochititsa manyazi. Kumbuyo wina analandira, kenako mbali yonse ya akazi inaphulika. Madikoni anawomba zinganga mwamphamvu, Abuna akuseka ndevu zili gwedegwede. Nargis anadzutsa mutu, anakweza mwana m'mwamba kuti aliyense aone kachisoti kaja, ndipo amuna anayamba kukankhana kuti amugwireko phazi.

Fayiqa anadziphimba kumaso ndi mpango, mapewa akunjenjemera. Ndinkayesa wakwiya. Koma pozungulira komaliza, pansi pa mpango paja panatuluka kanthungululu kowonda, kokhota, koipa kuposa kanga. Paja Bakhum anali mwana wa mchimwene wake, ndipo nayenso anali atatopa nako kukhala chete. Sindinamusekepo za tsiku limenelo, ngakhale lilime limandiyabwa.

Sanyura anavalabe zakuda mpaka chaka chinatha, ndipo galimoto ya miyala ikamadutsa amalowabe m'nyumba. Ndinamufunsa tsiku lina ngati iye ndi Mulungu anayambanso kuyankhulana.

"Kwambiri," anatero. "Ndimamudandaulira m'mawa, madzulo ndimamuimbira. Wandizolowera."

Bakhum wamng'ono pano akuthamanga, ndipo nkhunda za agogo ake zilibe mtendere. Dzulo ndinali naye kumpope, pomwe paja anamutchera dzina loipa lija. Mkazi wina wokwatiwa kumene m'mudzi muno anafunsa kuti mwanayu ndi wa yani. Amene anayankha ndi mmodzi wa akazi omwe aja, akumupatsa mwanayo siwiti.

"Simukumudziwa? Uyu ndi uja agogo ake anamuimbira nthungululu atavala zakuda."