Miyezi Itatu Imene Anawonjezera a Malizani

Abambo Leston Malizani amawotcherera ndowa ndi mabeseni osweka pansi pa mtengo wa kesha, pafupi ndi msika wa Mgona. Kachitsulo pambaula, zibenthu za pulasitiki m'thumba, utsi wonunkha m'maso tsiku lonse. Anachoka ku Ntchisi ali mnyamata. Koma munthu akawafunsa ntchito yawo, za ndowa sankazitchula n'komwe. Ankati, “Ndine mphunzitsi wa kalasi.”

Mumpingo mwawo, wofuna ubatizo amaphunzira kalasi Lamulungu lililonse kwa miyezi khumi ndi iwiri. Mphunzitsi amachonga pakhadi tsiku lililonse limene munthuyo wabwera. Khadi likadzaza, akulu a mpingo amamufunsa mafunso, akakhoza n'kubatizidwa. Lamuloli analikonzera anthu akumudzi, obadwira, kulima ndi kuikidwa pamalo amodzi. Kumaiko ena matchalitchi akutsekedwa chifukwa chosowa anthu. Ku Mgona anthu ndi mbwee, kungoti sakhalitsa. Amabwera ndi fodya, mafakitale a ku Kanengo akatsegula, ndipo amapita ndi fodya yemweyo.

Kwa zaka makumi awiri ndi zitatu a Malizani ankalowa m'tinjira ta pakati pa nyumba zalendi, kulumpha zithaphwi za m'mabafa, kuodira khomo ndi khomo. M'mwezi wa Meyi mabenchi ankadzaza. Pofika Okutobala ankaphunzitsa anthu anayi ndi nkhuku za eni ake. Makhadi osamaliza ankawasunga m'chitini cha mabisiketi, ndipo chitinicho chinasiya kalekale kutsekeka.

Vaileti anabwera mu Febuluwale ndi mwamuna wake Kenny, kuchokera ku Phalombe. Kuwerenga sankadziwa, koma zimene wamva kamodzi ankazigwira ngati ulimbo. Sanajombe ngakhale tsiku limodzi. A Malizani atamufunsa chimene chinamukoka, iye anayankha mosazungulira.

“Amayi anga tinawaika chete, Aphunzitsi. Sanali a mpingo uliwonse. Panalibe nyimbo, panalibe pemphero, phokoso linali la makasu basi. Ine zimenezo ayi.”

Mu Okutobala fodya anatha. Vaileti anafika pansi pa mtengo wa kesha uja ali ndi pakati pooneka kale, khadi m'manja.

“Bambo akunyumba akuti tizipita, mvula isatipeze kuno. Kwathuko mpingo wathu kulibe. Ndipo kusikelo andiuza kuti mimba iyi ndi yovuta, magazi ndi ochepa.” Anaseka pang'ono. “Miyezi itatu yokha, Aphunzitsi. Mulungu amawerenganso makhadi?”

A Malizani anapita kwa mlembi wa mpingo, a Herbert Chisankho, kukapempha kuti mtsikanayo ayesedwe msanga pamodzi ndi gulu la mwezi umenewo.

“Achimwene,” anatero a Chisankho, “tikatsegulira mmodzi, mawa Mgona yense abwera ndi mimba. Ena mpaka adzamangirira mapilo. Likadzaza khadi, bwerani nalo.”

Tsono a Malizani analidzaza. Anatenga khadi latsopano, nakhala pachidebe, n'kuchonga mosamala kuyambira Novembala wa chaka chatha, Disembala, Januwale, miyezi imene Vaileti anali asanaponde n'komwe mu Lilongwe. Anasinthanso cholembera kuti inki isafanane.

Tsiku la mafunso Vaileti anayankha mpaka akulu a mpingo anayang'anana. Malamulo khumi anawatchula osapunthwa, ndipo wina atamukola ndi funso la Mgonero, iye anamuwongolera mwaulemu. Abusa anali atayamba kale kugwedeza mutu. A Chisankho ndi amene anakweza khadi m'mwamba, magalasi ali pamphuno.

“A Malizani, Januwale yense uyu mwachonga. Si mwezi uja denga la tchalitchi linasasuka, tonse n'kumakapemphera ku Area 25? Kapena inu awiri munkaphunzira pamvula?”

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. A Malizani akanatha kunena kuti ankaphunzitsira kunyumba, ndipo ambiri akanakonda kuwakhulupirira. Koma bodza la cholembera linakana kutuluka pakamwa.

“Ndinawonjezera ndine. Mwanayu sakudziwapo kanthu. Ndilangeni ine, koma iye mwamumva nokha.”

“Tamumva,” anatero abusa motsitsa mawu. “Koma khadi labodza sitingabatizire.”

Akulu a mpingo anawaimitsa a Malizani pa Mgonero, nawalanda kalasi. Anawauza kuti akhale miyezi isanu ndi umodzi pabenchi ya obwerera, ya anthu amene anagwa n'kulapa, pakati pa wamitala ndi mayi wotcheza kachasu. Vaileti anamuuza kuti miyezi yake isanu ndi inayi ikadalipo, adzapitirize akadzabweranso.

Loweruka a Malizani anamuperekeza kokwerera minibasi, atamusenzera ndowa imene anamuwotcherera ulere.

“Ndakuchotsetsani ntchito, Aphunzitsi.”

“Ntchito yanga ndi ndowa, mwanawe. Uzinena mapemphero aja m'mawa ndi madzulo. Fodya akatsegula ndikupeza pabenchi.”

“Inu pabenchi yanu, ine payanga,” anatero Vaileti, ndipo onse awiri anaseka mpaka kondakitala anakalipa kuti minibasi si malo ochezera.

Kalasi anaipereka kwa a Bright, amene amagwira ntchito ku Area 49 ndipo amafika mochedwa. Kuodira m'makomo kunatha. A Malizani amakhalabe pabenchi ya obwerera, chipewa pabondo, kuyankha mafunso amene iwo ankafunsa ena kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Milomo imayankha yokha. Mumtima amafunsa lawo funso, loti kodi anachimwa powonjezera miyeziyo kapena polephera kunama mpaka pamapeto, ndipo funso limenelo m'buku la kalasi mulibe.

Kumapeto kwa Januwale anagula mayunitsi n'kuimba ku Phalombe. Anayankha ndi Kenny.

“Mwana ali bwino, Aphunzitsi. Wamkazi. Mayi ake tinaika Lachiwiri.”

A Malizani anatsitsa kachitsulo pansi.

“Pamaliropo anaimba?”

“Aimbe ndani, Aphunzitsi?”