Onga poyamba

Ndikukumbukira fungo lake, amayi anzanga, fungo la onga, longa la mazira owola. Linandipeza Loweruka lapitali konkuno ku Perth, kumalo kumene anthu amakaomberako mfuti zachikale, ndiye ndinangozindikira ndili kwathu ku Dedza, m'munsi mwa phiri, mabere asanamere.

Chaka chimenecho chimanga chinabereka, koma anyani anachilawa ife tisanachilawe. Abambo anali ndi gogodera, mfuti ija yothirira onga kukamwa, ndiyo inkawasunga anyani m'phiri. Mwatsoka nkhwangwa inawatema dzanja lamanja, linatupa ngati dzungu. Ana aamuna kunalibe, tinabadwa akazi okhaokha, wamkulu ine. Ndinapita kukalondera munda ndi chitini chowaopsezera. Nyanitu mukumudziwa, akaona nsalu sathawa. Chimphongo chake chinkakhala pachulu, kumasenda chimanga pang'onopang'ono, kumandiyang'ana ngati mlendo ndine. Mizere inkatha tsiku ndi tsiku, ndipo munda wina tinalibe.

Abambo, ndi mawu awo apansi aja: "Nabanda, katenge mfuti." Amayi anaponya chipande pansi. "Mwana wamkazi? Mukufuna isukuluke?" Paja kwathu ankati mkazi akaikhudza, mfuti imayamba kuphonya. Abambo amvekere, "Uyu sanathe msinkhu, mfuti siimudziwa. Kapena mukaombe ndinu?" Amayi anatola chipande chawo.

Anandiphunzitsira pamsasa wa kumunda, dzanja ali nalo m'chinsalu. Kuimika mfuti, kukamwa kwake kutali ndi nkhope. Onga woyezera m'kanyanga, osapitirira. Kansanza. Kugogoda ndi chitsulo chachitali chija, go, go, go. Kenako chipolopolo, kansanza kena, pomaliza fataki, kachitsulo koyatsira onga. Mfutiyo inkandifika pachibwano, yolemera ngati musi, yonunkha mafuta a nsatsi.

Anyani atatsika, ndinayamba kukonza mfuti mwaphuma. Abambo maso anali kuphiri, akuwerenga anyani. Ine ndinagogoda mwamphamvu zedi, ndinaigoneka pamphanda, ndinakoka. Inangoti tcha. Chimphongo chija chinadzikanda pamimba n'kuthyola chimanga china.

Abambo analowetsa chitsulo, anayang'ana pamene anachitema chizindikiro, anayang'ananso kanyanga kali kodzaza pambali pa phazi langa. Ndinali nditaponya chipolopolo popanda onga. Masana onse tinathera pochikoka ndi waya wopota, iwo apana mfuti m'mawondo, ine ndikukoka, anyani akuchita ukwati kumbali ya kumtsinje. Sanandimenye ayi. Anangoti, "Tola makoko onse adya anzakowa, ukawatulire amako." Ndinasenza dengu la makoko mpaka kunyumba, njira yonse ndikunena monga anandiuzira: onga poyamba, onga poyamba. Amayi anayang'ana m'dengumo, anayang'ana abambo. "Ufa wa chaka chino ndi umenewu?"

M'mawa mwake abambo sanandiyang'anire n'komwe, anatembenuka dala. Ndinathira, ndinagogoda, pakamwa pakuyenda. Nditakoka, dziko linang'ambika. Ndinapezeka ndakhala pansi miyendo m'mwamba, phewa latentha, utsi woyera tolo, makutu akulira ngati nyenje. Utsi utatha, chulu chinali chitadulidwa mutu, ndipo chimphongo chinali patsogolo pa onse pothawa, chasiya akazi ndi ana. Abambo anaseka mpaka dzanja linawapweteka. Kuyambira tsiku limenelo anyani akaona kansalu kanga kofiira ankabwerera panjira, ngakhale nditanyamula ndodo chabe.

Tsono Loweruka lija mwana wanga Yohane, amene ndimakhala naye ku Ellenbrook, mbali ina ya Perth yomweyi, ananditenga ndikaone masewera ake atsopano. Wangoyamba kumene. Laisensi anaidikira mpaka kutopa, mfuti imagona m'bokosi lachitsulo lokhoma, m'makutu amavala zotsekera ngati mbale. Mphunzitsi wake, mzungu wandevu zoyera, anatembenukira kwa munthu wina. Ndikuona Yohane akucheza, chipolopolo waika kale pakamwa pa mfuti, muyezo wa onga uli phee pathebulo.

Mawu anga mukuwadziwa a ku mapemphero. Anaboola zotsekera za anthu onse. "Iwe, onga poyamba!"

Yohane anauma. "Amayi, mwazidziwira kuti zimenezi?" Mdzukulu wanga Tadala, amene amamva Chichewa koma kuyankha m'Chingerezi, anamasulira, ndipo wandevu uja anavula chipewa n'kundigwira chanza.

Zinthu zinasintha, anzanga. Kumeneko ndinaona azimayi akugogoda mfuti zawo, palibe wonena kuti isukuluka. Amaomba pepala, pepala losadya chimanga cha munthu, akaphonya amakadyabe kunyumba. Pobwerera m'galimoto, nditawafotokozera nkhaniyi, Tadala anafunsa ngati nyaniyo ndinamupha. Ndinati ayi mama, ndinapha chulu. Koma nkhokwe inadzaza, ndipo amene anaifolera udzu akuimba anali amayi anga omwe aja.