Wouluka sakhala wakuda

Zaka zimene tinali titangolandira ufulu tinkakhala ku komboni ya Kwacha, ku Kitwe, atate a ana akugwira ntchito ku mgodi. Loweruka lililonse masana ku holo kunkakhala bayisikopo. Imene ana ankaikonda inali ya mzungu wina wouluka, wovala chinsalu kumsana, amene chipolopolo sichinkamulowa. Akabwerako ankaisewera kuseri kwa nyumba, wina atamanga chitenje m'khosi, akudumpha kuchokera pa dramu.

Mwana wanga wachiwiri, wamkazi, anatengera atate ake, wakuda bii. Pa masewerowo anzake ankamuika kukhala munthu wa m'thengo, uja amamenyedwa ndi wouluka. Tsiku ndi tsiku iyeyo basi.

Tsiku lina ndinam'peza kuchipinda atadzola mafuta anga oyeretsa khungu, akukanda masaya.

"Ukuchita chiyani iwe?"

"Akuti wouluka sakhala wakuda. Ine ndatopa kufa, amama."

Sabata imeneyo mtima sunakhale m'malo. Ndinkayamba kuchapa n'kusiya. Ndikatenga kolona ndinkaiwala pomwe ndafika. Loweruka ndinamugwira dzanja, ndati tiye ndikadzionere ndekha.

M'holomo munali phokoso, ana akukuwa m'Chibemba kuchenjeza wouluka kuti ayang'ane kumbuyo. Kenaka anthu a m'thengo aja anatulukira, akulumphalumpha, atatuzula maso, osalankhula chomveka. Ndinachita manyazi ngati ndine ndili pansalupo. Koma wouluka atagwira mmodzi pakhosi n'kumukweza, ndinaona kuti kudako kwathera m'khosi. Kuseri kwa khutu kunali mbee.

"Taona khutu lake," ndinamunong'oneza. "Ndi mzungu ameneyo, amupaka makala. Amuuza kuti azichita chonchi. Atate ako amalumpha chonchi popita ku mgodi?"

Anaseka mpaka amayi ena kutsogolo anatembenuka. Ndinati Ambuye zikomo, zatha.

Sizinathe. Tili m'njira anandifunsa.

"Ndiye uja wadzipaka kuti ade, anthu amuseke. Nanga inu mumadzoleranji, amama?"

"Tiye msanga, atate ako aweruka."

Tonse tinkadzola masiku amenewo, ngakhale a kwaya, poti zithunzi za m'masitolo zinkaonetsa kuti mkazi wotsogola ndi woyera. Kabotolo ka mafuta aja ndinakachotsa pawindo n'kukabisa m'sutikesi. Ndinakatulutsanso kawiri, sindinama. Kachitatu ndinakaponya m'chimbudzi. Nkhope inachita mawangamawanga miyezi ingapo, anzanga kutchalitchi akundifunsa ngati ndadwala.

Mwanayo anzake sanamupatse chitenje chija. Iye anangoleka kufa. Wouluka akam'menya ankangoima, manja m'chiuno.

"Igwa iwe, wafa!"

"Sindigwa. Ugwe ndiwe."

Masewero anasokonekera masiku angapo, ana akubwera kudzandidandaulira pakhomo kuti ndimuuze agwe. Ine ndinkawauza kuti ndili ndi zochapa.