Chala pa “si”

Chaka chomwe sukulu inakhala yaulere, boma linangotola aliyense wa Fomu Folo, nanenso ndinapezeka ndili mphunzitsi kufupi ndi Mua, choko m'manja, nzeru zochepa. Koma wophunzira wanga wamakani kuposa onse anali kunyumba: amayi anga.

Ankachokera kumunda wa mpunga matope lekeleke m'mawondo, n'kukhala pamkeka ndi buku la Sitandade Wani. Mawu aafupi sankawavuta. Akakumana ndi ataliatali ngati “tikadzakolola”, ankakankha bukulo, amvekere iyi ndi sitima ya pa Golomoti, mabogi osatha. Ndiye ndinawaphunzitsa kuphimba ndi chala mbali yowavuta, n'kumavundukula pang'onopang'ono: ti, ka, dza, kolola. Masiku ano ndimamva kuti ofufuza za ubongo amati mutu umachitanso chimodzimodzi, umayamba waphwanya mawu m'tizidutswa mwiniwake asanazindikire n'komwe. Ine zimenezo ndikanazidziwira kuti? Ndinkangofuna asataye bukulo.

Chomwe ankavutikira chinali chimodzi. Abambo anali ku Joni kwa zaka zambiri, ndipo amayi anali atatopa ndi kuwerengeredwa makalata a amuna awo ndi anthu ena, ngakhale ine amene.

Kalata itafika papositi ya ku Mtakataka, anakana kuti ndiigwire. Anaiwerenga okha, chala papepala, nthawi yaitali, kenako anatiuza kuti abambo alemba kuti “ndidzabweranso”. Anazira nyumba, mpunga wabwino anausunga osagulitsa. Ine kunyada kwake, eee, ndinauza aphunzitsi onse.

Patapita milungu ndinaipeza kalatayo m'buku lawo la nyimbo za kutchalitchi. Panalembedwa kuti “sindidzabweranso”. Ndinadzikwiyira koopsa. Mphunzitsi wanji wophunzitsa mabogi onse n'kuiwala mutu wa sitima? Ndinawatsatira kuseri komwe ankapeta mpunga, n'kuyamba kufotokoza mwachizungulire kuti kachidutswa koyambako kamatembenuza mawu onse.

Sanasiye kupeta.

“Iwe, ‘si’ ameneyo ndinamuona tsiku lomwelo. Suja unati pondivuta ndiziphimba ndi chala?”

Ndinangokhala pansi n'kuyamba kuwathandiza kusankha timiyala.

Abambo sanabweredi, ndipo amayi anatisiya kalekale. Ndimawasowa, makamaka masana ngati aja, akamakangana ndi buku pamkeka. Kalatayo ndikusunga ndine. Pomwe panali “si” pepala linada ndi chala chawo mpaka zilembo ziwirizo zinafufutika, moti aliyense woiwerenga lero amawerenga monga anawerengera amayi.