Chokoleti cha m'bokosi la Ababa

Ababa anayamba kukana chakudya chaka chomwe ndinapeza ntchito yolongedza ndiwo zamasamba pa famu ina kufupi ndi Marondera. Iwo anatsala okha ku komboni ya ku Raffingora, m'nyumba momwe tinabadwira. Amayi anali atatisiya kale. Chifuwa chitawagwira, Ababa ankati ndi fumbi la fodya lomwe anapuma zaka zonse akusankha masamba m'shedi. Nesi wa pakiliniki anawapatsa mapiritsi, kenaka anandikokera pambali n'kundiuza mosabisa kuti mankhwalawo safuna m'mimba mopanda kanthu, ndipo akapanda kudya sitikhala nawo nthawi yaitali.

Ndinkapita mwezi uliwonse ukatha. Ndikaphika sadza, nsima ya kuno, ankati ikuwatsamwa. Phala ankati n'la makanda. Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera amayi, choncho maulendo ambiri ndinkabwerako titakangana, mbale ili pomwepo ntchentche zikuzungulira.

Pansi pa bedi lawo panali bokosi lachitsulo, kiyi wake ali pachingwe m'khosi mwawo. Ababa anachoka ku Dedza ali mnyamata, kusiya mlongo wawo atangokwatiwa kumene, ndipo sanabwerereko. Anthu otero amatchedwa machona, ndipo mtchona ali ndi lamulo lake: sabwerera kwawo chimanjamanja. Chilichonse chabwino chimene anachipeza, bulangete, nsalu, nsapato zosavala, chinkalowa m'bokosimo pamodzi ndi masamba a fodya oingitsira njenjete ndi mphemvu. Ife tili ana, chinthu chosatheka tinkachitcha ulendo wa ku Dedza. Ngakhale mafamu atasintha eni, anthu akutiuza kuti tibwerere kwathu, Ababa ankangoyankha kuti, "Ndipita, ndikudikira bokosi lidzaze."

Tsiku lina ndikusintha kombi mu Harare ndinagula timapaketi tiwiri ta chokoleti chokhala ndi bisiketi m'kati. Kamodzi ndinadyera m'kombi momwemo. Kunena zoona ndinali ndisanadyepo chinthu chotero. Pamwamba pamasungunuka lilime lisanafunse n'komwe, kutsekemera kwake kokhala ndi kakuwawa kakutali ngati tiyi wopitirira masamba. Ukaluma mano amalowa mofewa, kenaka amakumana ndi bisiketi youma, imathyoka ndi kaphokoso komveka m'makutu mwako wekha. Nyenyeswa zimasakanikirana ndi chokoleti chija n'kumata kunkhama, ndipo umayenda nako kukomako mpaka ku Banket. Ndinati mumtima, ichi chokha Ababa sangakane.

Analandira ndi manja awiri, anatembenuza, ananunkhiza pepala lake.

"Ichi n'cha azungu ichi," anatero.

"Ababa, varungu vakaenda kare, azunguwo anapita kalekale. Idyani."

"Ndidya ukapita. Munthu wamkulu satafuna zonona mwana akumuyang'ana mkamwa."

Mwezi wotsatira ndisanakhale n'komwe pansi anati, "Chija chinali bwino. Ubweretsenso." Ndinasangalala ngati ndatola chikwama. Kuyambira pamenepo sindinkapita wopanda timapaketi titatu kapena tinayi, ndipo kamodzi kankakhala kanga ka m'kombi. Ndinkadya ndikuganiza kuti ine ndi Ababa tikudya chinthu chimodzi, ngakhale aliyense kwayekha.

Ankakonda kundifunsa, "Iwe mwanangu, ukamadya umamva bwanji mkamwamu?" Ine ndi pakamwa pangapa ndinkafotokoza zonse, kufewa kwa pamwamba, kukukutika kwa m'kati, mafuta otsalira pa lilime. Iwo ankagwedeza mutu n'kumabwereza pang'onopang'ono, "Pamwamba pofewa, m'kati mokukuta." Ndinkayesa akuvomereza zomwe akuzidziwa kale.

Apa ndi pomwe ndinalakwa. Ndinasiya kukalipa za phala. Ndinauza nesi kuti pali chomwe akudya, ndinauzanso gogo wina woyandikana nawo nyumba, yemwe ankawapatsira madzi, kuti asamawaumirize kwambiri. Malaya ankanka nakula pathupi pawo, lamba anabooledwa bowo lina, koma ine ndinkati matenda amatero, bola m'mimba mukulowa kanthu. Ndinkafuna kukhulupirira, ndiponso ndinali nditatopa ndi kukangana. Kugula chokoleti kunali kosavuta kuposa kukhala tsiku lonse ndi supuni m'manja.

Anamwalira mwezi wa Okutobala, dzuwa lija loti malata a komboni amachita kulira. Tinawaika kumanda a pafamu, kuseri kwa mabulugamu, komwe kuli amayi. A mpingo anaimba zawo, a gule nawonso anabwera pambuyo pake chifukwa Ababa anali wa konsekonse. Tsiku lotsatira akuluakulu anati katundu wa malemu atulutsidwe pabwalo, aonedwe ndi anthu onse monga mwa mwambo. Anandipatsa kiyi uja, chingwe chake chitada ndi thukuta.

Fungo la fodya linatuluka ndisanamalize kutsegula. Pamwamba pa bulangete panali timapaketi tonse tomwe ndinabweretsa, kuyambira koyamba kaja, titamangidwa bwinobwino ndi ulusi womangira fodya. Panalibe ngakhale kamodzi kotsegula.

Gogo uja ndiye analankhula. "Ankati n'za ana a mlongo wawo ku Dedza. Ankati akakafika akawauze kakomedwe kake ngati munthu wozidziwa, asakaoneke ngati anangokhalira fodya zaka zonsezi." Anayang'ana pansi. "Anandiletsa kukuuza. Ankati ungasiye kubweretsa."

Ana a mlongo wawo! Ngati alipo, ndi anthu a imvi, ali ndi zidzukulu zawo. Koma m'mutu mwa Ababa anali adakali tiana toyembekezera amalume pamsewu. Ndinakwiya, ndinakwiyira munthu yemwe tinali titamukwirira dzulo lake. Iwo omwe, pophunzitsa ife, ankati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo.

Ndinadula ulusi n'kutsegula kamodzi pamaso pa anthu onsewo. Chokoleti chinali chitasungunuka n'kuumanso kambirimbiri m'bokosi lotenthalo, chitapindika, chitayera pamwamba ngati chathiridwa phulusa. Sichinasungunuke pa lilime. Chinanyenyeka ngati dothi la pachulu, ndipo bisiketi inali itafewa, yopanda phokoso, ngati buledi wogonera. Kutsekemera kunalipo pang'ono chabe. China chonse chinali fodya, kuwawa kuja kokanda kukhosi komwe kunkamveka pa malaya a Ababa akaweruka ku shedi.

Akuluakulu anagawa bulangete ndi nsapato. Timapaketi totsalato anapatsa ana a pakomboni, omwe analuma kamodzi n'kulavula, n'kuthamangira kumpopi kukatsuka mkamwa. Mayi wina anandigwira mkono nati, "Siya, mwanangu, unorwara nazvo, udwala nazo izi."

Sindinasiye. Ndinadya mpaka kumapeto, ndinanyambita ndi pepala lomwe, chifukwa mwa chakudya chonse chimene ndinawabweretsera Ababa chaka chimenecho, ichi chokha ndi chomwe analandira ndi manja awiri, ndipo panafunika wina wa m'nyumba mwathu achimeze.