Dzanja Langa M'tchalitchi Chakale

Chaka chimene ananditumiza kukayang'anira esiteti ya tiyi ku Thyolo, mkazi wanga anali atangomwalira kumene. Anandipatsa chinyumba pamtunda, zipinda mbwee, ine ndekhandekha. Othyola tiyi akandiona ankapatuka m'njira, n'kuwomba m'manja chapansipansi, ndikangodutsa n'kuyambiranso Chilomwe chawo ndi phwete. Ulemu umenewo unkandinyansa, kunena zoona. Miyezi inatha popanda munthu wondipatsa chanza, ndipo ndinkachilakalaka ngati mwana.

Kutchalitchi cha pa esiteti ankandiikira mpando wangawanga kutsogolo. Ndiye Lamulungu lina ndinakwera minibasi kupita kutchalitchi chachikulu cha aepiskopi m'tauni, kumene kunalibe wondidziwa. Ndinati kumeneko, ikafika nthawi ya moni wa mtendere pa Misa, wina andigwira dzanja basi.

Tchalitchicho n'chakalekale, cha njerwa zofiira, ndipo boma limachiteteza. Mlonda wa pakhomo ankauza aliyense wolowa kuti makoma ake sagwidwa, ati thukuta la m'manja limawononga njerwa. Ndinaseka chamumtima, kani nachonso anachipatsa ubwana. Ndinakhala kumbuyo, kufupi ndi khoma. Munali mozizira, mukununkhira lubani ndi makandulo. Ulaliki sindinaumve n'komwe, ndinkangopukuta chikhatho pathalauzi.

Ansembe atati tipatsane moni wa mtendere, ndinatembenukira kwa mayi amene anali pambali panga. Zala zawo zinali zakuda, zong'ambikang'ambika, zala za tiyi. Ndinatambasula dzanja. Iwo anandiyang'ana kumaso n'kudzidzimuka, ine nanenso n'kuwazindikira. Anali a pa esiteti pathu pomwe, omwe ndinkawadutsa m'munda m'mawa uliwonse dengu lili kumsana. Chinawabweretsa m'tauni tsiku limenelo sindikuchidziwa mpaka lero. Anabweza manja awo pachifuwa, n'kupinda maondo.

"Mtendere, bwana."

Ndinafuna kuwakalipira, koma analakwa chiyani? Anthu anali kugwirana chanza uku ndi uku, dzanja langa lili m'malere. Ndinachita manyazi, ndipo misozi inalengeza. Posowa poliika, ndinalitsamiritsa pakhoma. Njerwayo inali yozizira, yosalala chifukwa cha manja a anthu akale. Mlonda uja anatsokomola kumbuyo kwanga, kenako anatsokomolanso mokweza, koma sindinalichotse mpaka nyimbo inatha.